Malamulo anayi pa msewu umodzi: mbiri ya mkangano wa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha

Basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg imadutsa pa chipata chathu cha Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kudutsa Zimbabwe, kenako kuwoloka pa Beitbridge. Ambiri sadziwa kuti pa ulendo umenewu munthu amadutsa m'malamulo anayi osiyana pa nkhani imodzi. Ku South Africa amuna kapena akazi okhaokha akhala akumanga ukwati mwalamulo kuyambira Novembala 2006. Ku Zimbabwe malamulo oyendetsera dziko a 2013 amaletseratu ukwati woterewu. Ku Mozambique ukwatiwu kulibe, koma kuyambira Juni 2015 palibe lamulo lomangira anthu otere. Kuno kwathu ukwatiwu kulibe, ndiponso kugonanako ndi mlandu wa zaka mpaka 14. Tsono tinafika bwanji pamenepa?

Lamulo lathu ndi lakale. Magawo 153 ndi 156 ali m'buku la malamulo a milandu limene Angerezi anakhazikitsa mu Nyasaland cha m'ma 1930. Kwa zaka zambiri nkhaniyi sinkamveka pagulu. Zinthu zinasintha pa 26 Disembala 2009, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe ku Chirimba mu Blantyre. Tiwonge amadziona ngati mkazi, koma boma linawatenga onse awiri ngati amuna. Apolisi anawamanga, ndipo pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa anawalamula kukaseweza zaka 14. Pa 29 Meyi, atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, a Ban Ki-moon, pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, ngakhale ananenetsa kuti awiriwa analakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko.

Kwa atsogoleri ambiri a mipingo ndi mafumu, chikhululukocho chinaoneka ngati kugonjera maiko otithandiza. Yankho linabwera msanga. Mu Disembala 2010 aphungu anawonjezera gawo 137A, lokhudza akazi okhaokha, la chilango cha zaka mpaka 5. Taonani apa: gawo ili silinachokere kwa atsamunda, tinalemba tokha.

Boma likati lifewetse, mipingo inkalimbitsa. Mu Meyi 2012 pulezidenti Joyce Banda anauza Nyumba ya Malamulo kuti akufuna malamulowa achotsedwe, ndipo mu Novembala nduna ya zamalamulo, a Ralph Kasambara, inati apolisi ayambe aleka kumanga anthu. Mipingo itadzudzula, boma linabwerera m'mbuyo. Mu 2015 lamulo latsopano la maukwati, lomwe lija linakweza zaka zokwatira kufika pa 18, linanenanso kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, potengera mmene munthu anabadwira. Kumapeto kwa chaka chomwecho nduna Samuel Tembenu anabwereza zoti anthu asamangidwe, koma mu Febuluwale 2016 abusa atatu anakatenga chiletso ku khoti lalikulu ku Mzuzu. Pa 6 Disembala 2016 maepiskopi a Katolika pamodzi ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi anatsogolera zionetsero zokana kuchotsa mimba ndi maukwatiwa.

Zionetsero zina zazikulu zinachitika pa 13 Julaye 2023. Akhristu ndi Asilamu anayenda limodzi, ndipo ku Blantyre anatsogolera ndi Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa. Mu Disembala chaka chomwecho Vatican italola ansembe kudalitsa anthu okhala pa ubwenzi wotere, maepiskopi athu anali m'gulu la oyamba kukana.

Mfundo za otsutsawa ndi zitatu: kuti malemba oyera amaletsa, kuti kwathu ukwati ndi wa mabanja awiri ndi ankhoswe awo ndipo umayembekezeka kubala ana, komanso kuti mlendo sangatiuze chochita chifukwa chakuti amatipatsa ndalama. Mabungwe ngati CEDEP ndi CHRR amayankha kuti malamulo oyendetsera dziko amateteza munthu aliyense, ndipo kuopa kumangidwa kumathawitsa anthu ku chipatala, pamene dziko likulimbana ndi HIV.

Koma pali chinthu chimodzi chofunika kuchionetsetsa. Zikwangwani za 2023 zinkakana ukwati, pomwe mlandu umene unali ku khoti sunali wopempha ukwati. Jan Willem Akster wa ku Netherlands ndi Jana Gonani, amene anaweruzidwa ku Mangochi, ankafunsa ngati magawo omangira anthu aja akugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu anakana pempholo, nkunena kuti kusintha lamulo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo.

Apa pali mafunso awiri, abale anga. Loyamba: kodi boma lilembe ukwati wa anthu otere? Lachiwiri: kodi munthu wamkulu atsekeredwe m'ndende zaka 14 chifukwa cha zimene wagwirizana ndi wamkulu mnzake? Kuyambira 2009 mafunso awiriwa takhala tikuwamanga mtolo umodzi, ndipo mawu akuti “ukwati” ndiwo akhala akukoka anthu kupita mumsewu. Anansi athu a ku Zobue, amene timagulitsana nawo mbatata ndi manachesi ndipo ambiri timalankhula nawo chinenero chimodzi, ali pansi pa boma limene linakana funso loyamba nkukananso lachiwiri. Munthu akhoza kugwirizana nazo kapena ayi, koma wofuna kutsutsana pa nkhaniyi ayambe wanena funso limene akuyankha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.