Munthu wa ndalama wopanda cipani angalowe ku State House?

Masankho akamayandikila, pa sitesheni ya mabasi kuno ku Lilanda sipasowa munthu wonena kuti dziko lino lifunika mtsogoleli wolemela kale, wopanda cipani, amene sadzaba cifukwa ali nazo zake. Ambili amavomela ndi mutu. Ine ndikamva zimenezi ndimayamba kuwelenga maina a anthu a cuma amene anayesapo kale. Si ocepa, ndipo njila imene anapita ikali kuoneka.

Mmodzi amene anaiwalika ndi a Robert Chiluwe, a bizinesi a muno mu Lusaka. Mu 1978, nthawi ya cipani cimodzi, iwo pamodzi ndi a Simon Kapwepwe ndi a Harry Nkumbula anafuna kupikisana ndi a Kaunda pa mpando. UNIP inangosintha malamulo ake: wofuna kuima akhale atatha zaka zisanu m'cipani, ndiponso akhale ndi omucilikiza m'cigawo ciliconse. Onse atatu anatsala panja, ndipo anthu anapita kukavota Inde kapena Ayi pa dzina limodzi.

Zipani zambili zitabwelela, khomo la munthu woima payekha linakhalabe lotseka. Malamulo a dziko a 1996 ananena kuti wofuna upulezidenti akhale membala wa cipani, kapena cipani cimuimike. Conco munthu wa ndalama analibe njila ina koma kuyamba cipani cake ndi kucidyetsa kucokela m'thumba mwake. A Dean Mung'omba anacita zimenezo ndi ZDC. Pa masankho a 1996, amene UNIP inakana kutengako mbali, anakhala aciwili, koma ciwili cakutali: sanafike 13 pelesenti pomwe a Chiluba anapitilila 70.

Caka cimene cimaphunzitsa kwambili ndi 2001. Pa 27 Disembala, pepala lovotela linali ndi maina 11, ndipo atatu mwa iwo ndi amene afunika kuwayang'ana pamodzi.

Woyamba a Anderson Mazoka. Anayendetsapo Zambia Railways, kenaka anakhala mkulu wa Anglo American m'cigawo cino ca Africa. Cosangalatsa n'cakuti munthu wa ofesi yaikulu conco anayamba ndale mwa kufuna mpando wa msungi cuma pa nthambi ya MMD ku Bauleni, komboni ngati yathuyi. Akuluakulu a cipani anaona kumene ulendowo unali kupita, ndipo anawatsekela. Mu 1998 anayamba UPND, natha zaka zitatu akuzungulila dziko kumanga nthambi. Anapeza 27 pelesenti, a Levy Mwanawasa 29. Kusiyana kunali mavoti pafupifupi 34,000 cabe. Anapita ku Khoti Lalikulu, mlandu unatenga zaka zitatu, cigamulo cinabwela mu 2005 cokomela a Mwanawasa, ndipo caka cotsatila a Mazoka anamwalila ku South Africa.

Waciwili a Ben Mwila, amene ambili anali kuwachula kuti BY. Anali nduna ya zacitetezo m'boma la a Chiluba, ndipo anali kudziwika monga mmodzi wa anthu olemela kwambili m'dziko. Atanena poyela kuti afuna mpando, MMD inawacotsa mu 2000. Anayamba cipani cao, ndalama zinalipo, magalimoto analipo. Mavoti sanafike 5 pelesenti.

Wacitatu a Michael Sata, amene cipani cao ca PF cinali ndi miyezi yocepa cabe. Anapeza 3 pelesenti, kucepela a Mwila. Munthu akanayang'ana manambala a tsiku limenelo akanati Cobra watha. Koma a Sata anali kale bwanamkubwa wa Lusaka ndi phungu wa Kabwata, anali kudziwa misika, masitesheni ndi makomboni mmene m'busa adziwila ng'ombe zake. Pofika 2006, Lusaka ndi Copperbelt zinali m'manja mwao, ndipo mu 2011 analowa ku State House. A Mwila, ndi cuma cao conse, sanayandikilenso.

Masankho a 2011 aja anasiya phunzilo limene aliyense wa ku Lilanda, George kapena Matero alidziwa bwino. Nyimbo ya Dandy Krazy ya Donchi Kubeba inangoika poyela cimene anthu anali kucita kale mwakacetecete: citenge landila, sikipa vala, ndalama ya basi tenga, koma m'kacipinda kovotela uli wekha. Munthu wolemela wobwela ndi mathumba a unga adzapeza khamu pa bwalo, ndipo khamu lomwelo lidzapezekanso mawa lake pa msonkhano wa mnzake. Sindiona kuti ndi kusakhulupilika. Anthu aphunzila kuti alendo otele amaoneka kamodzi pa zaka zisanu, ndipo amawalandila monga alendo.

Apa wina adzati, nanga a Hakainde Hichilema? Zoona, ndi munthu wa cuma, wa ng'ombe zambili, amene anayendetsa Coopers & Lybrand ndi Grant Thornton asanalowe ndale. Koma sanaime okha. Analandila cipani cimene a Mazoka anamanga, cokhala kale ndi aphungu ndi makhansala, ndipo ngakhale conco anagonja kasanu: 2006, 2008, 2011, 2015 ndi 2016. Mu 2015 anatsala ndi mavoti osafika 30,000. Mu 2017 anakhala m'ndende miyezi inai pa mlandu woukila boma umene pambuyo pake unasiyidwa. Anapambana mu 2021, patapita zaka 15. Cimene ndalama zinawacitila ndi kuwalola kugonja kasanu cipani osafa. Zipani zambili za anthu osauka zimatha pambuyo pa kugonja kamodzi, cifukwa palibe wolipila lendi ya ofesi.

Malamulo osinthidwa a 2016 sanenanso za kukhala m'cipani pa mndandanda wa zofunika. Afuna satifiketi ya Giledi 12, zaka 35, misonkho yolipila, kuulula cuma, ndi ovota 100 okucilikiza m'cigawo ciliconse mwa zigawo khumi. Kwa munthu wa ndalama zimenezi n'zopepuka. Komabe pa masankho a 2016 ndi a 2021 onse amene anaima anabwela ndi cipani, ngakhale cipani ca mu cikwama.

Cifukwa cake cimaoneka usiku wowelenga mavoti. Mu 2021 malo ovotela anapitilila 12,000. Pa malo alionse pafunika munthu wako wokhala kucokela m'mawa mpaka pepala lomaliza litawelengedwa, wosaina fomu ya zotsatila, woisunga ngakhale wina amuopseze kapena amuonetse ndalama zoposa zako. Munthu wolembedwa ganyu dzulo sangacite zimenezo. Amacita ndi mai wa nthambi amene cipani cinamuthandiza bokosi pa malilo a mwana wake, kapena mnyamata amene wamenyedwapo kale cifukwa ca sikipa imene avala. Anthu otele amapezeka m'zaka. Ndipo atapambana, pulezidenti wopanda phungu ngakhale mmodzi angapititse bwanji bajeti m'Nyumba ya Malamulo?

Kwa anzathu nakonso si kosavuta. Ku Malawi a Justin Malewezi, amene anakhala waciwili kwa pulezidenti zaka khumi, anaima paokha mu 2004 natsalila kutali kwambili. Ku America, Ross Perot, wa mabiliyoni, anatenga pafupifupi 19 pelesenti mu 1992 koma sanapambane cigawo ngakhale cimodzi.

Amene anakwanitsa ndi Patrice Talon wa ku Benin, wolemela ndi thonje, mu 2016. Nkhani yake ifunika kuimvetsa. Sanali mlendo m'ndale, pakuti anali kulipilila kampeni za ena kale, kuphatikizapo Pulezidenti Boni Yayi. Oima anali oposa makumi atatu, mavoti anamwazika, iye anakhala waciwili pa gawo loyamba, ndipo pa gawo laciwili ogonja ambili anamupatsa anthu ao, napambana Lionel Zinsou.

Kampata kameneko kaliponso kuno. Kuyambila 2016 wopambana afunika kupitilila theka la mavoti, ndipo akalephela onse, awili apamwamba amabwelezanso pasanathe masiku 37. Caka ngati 2001, pamene wopambana anali ndi 29 pelesenti, lelo cingatipatse gawo laciwili, ndipo munthu wopanda cipani atafika pa nambala yaciwili angakhale ndi mwai weniweni. Koma mu 2016 ndi mu 2021 zipani ziwili zazikulu zinameza pafupifupi mavoti onse, ndipo zinthu zinathela pa gawo loyamba. Mu 2021 ena 14 amene anali pa pepala, onse pamodzi, sanafike 3 pelesenti.