Tchalitchi chomwe chinatsekeredwa pakati pa makoma a Berlin

Abale ndi alongo, lero ndikutengereni ku Berlin, pa msewu wotchedwa Bernauer Strasse, kuti muone mmene mkangano wa America ndi Soviet Union unafikira pakhomo pa anthu wamba.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, maiko anayi opambana anagawana Germany, nagawananso likulu lake. America, Britain ndi France anatenga kumadzulo kwa Berlin, Soviet Union inatenga kum'mawa. Koma mzinda wonsewo unali mkati mwenimweni mwa dera la Soviet Union. Mu June 1948 Stalin anatseka misewu, njanji ndi njira za pamadzi zolowera ku West Berlin. Ndege za America ndi Britain zinatuta ufa ndi malasha usana ndi usiku kufikira iye atatsekula njirazo mu May 1949, ndipo chaka chomwecho Germany inasanduka maiko awiri.

Chomwe chinkadya mutu olamulira a East Germany chinali kuthawa kwa anthu. Pofika 1961 oposa mamiliyoni awiri ndi theka anali atachoka, ambiri podzera mu Berlin, pakuti munthu ankangokwera sitima n'kukatsikira mbali inayo. Khrushchev anaopseza mu 1958, naopsezanso pokumana ndi Kennedy ku Vienna mu June 1961. Mwezi wotsatira Kennedy analengeza kuti adzateteza West Berlin ngakhale ndi nkhondo. Tamvetsetsani apa: anatchula kumadzulo kokha. A ku Moscow anamva bwino lomwe. Mbandakucha wa Lamulungu, pa 13 August 1961, asilikali anayala waya waminga kuzungulira West Berlin, ndipo a kumadzulo anangodandaula pakamwa. Akasinja a mbali ziwirizi analozanadi mizinga pa Checkpoint Charlie mu October, koma litacha anabwerera. Ine ndimaona kuti khomalo linapumitsa akuluakulu onse awiri: wina anatseka pothawira anthu, winayo anapewa nkhondo ya mabomba a nyukiliya.

Nanga pa Bernauer Strasse? Mzere wa malire, womwe pa mapu a mu ofesi umaoneka wosalakwa, unadutsa pakhonde penipeni. Nyumba za mbali imodzi zinali kum'mawa, koma munthu akangoponda panja anali m'dera la France. Apolisi anakhomera zitseko, nayamba kutseka mawindo ndi njerwa kuyambira pansi. Anthu ankakwera m'zipinda zapamwamba n'kudumphira m'nsalu zomwe ozimitsa moto a kumadzulo anatambasula. Pa 22 August mayi Ida Siekmann, a zaka 58, anadumpha nsaluyo isanafike. Iwo ndiwo anali oyamba kufa chifukwa cha khomalo.

Pa msewu womwewo panali tchalitchi cha Chiprotestanti chomwe chinatsekulidwa mu 1894, dzina lake Versöhnungskirche, kutanthauza Tchalitchi cha Chiyanjanitso. Nyumbayo inali kum'mawa, pamene Akhristu ake ambiri ankakhala kumadzulo. Khoma linamangidwa kutsogolo kwa khomo lake, lina linadzamangidwa kumbuyo, tchalitchi n'kutsala chokha m'kanjira ka alonda amfuti. Taganizani, inu amene mumadziwa mpando wanu wa Lamulungu: kwa zaka zoposa 23 anthu ankaona nsanja ya kumene anabatizidwira ndi kudalitsira maukwati awo, koma osatha kufikako. Mu January 1985 boma la East Germany linachiphulitsa, poyamba nyumba yopemphereramo, patapita masiku ochepa nsanja. Chondiwawa n'chakuti akuluakulu a mpingo anali atavomera kusinthanitsa malowo ndi ena omangapo kwina. Zaka zisanu zisanathe, pa 9 November 1989, zipata za khoma zinatsekuka.

Mpingowo unabwezeredwa malo ake, ndipo mu 2000 unatsekula kachisi wamng'ono wa makoma a dothi lotsendera, losakaniza ndi zidutswa za njerwa za tchalitchi chakale. Mabelu akale anapulumuka, ali panja pomwepo. M'kati mwa sabata, pa mapemphero a masana, amawerengamo mbiri ya munthu mmodzi mwa amene anafera pa khomalo.