Conditional aggregation mu Django

Iyi ndi njira yowerengera kapena kuwonkhetsa mizere ya mu database, koma yokhayo imene yakwaniritsa mfundo inayake, zonse m'funso limodzi. Sitolo yofuna kudziwa chiwerengero cha maoda olipiridwa ndi osalipiridwa siyifunikanso kufunsa database kawiri.

Django 1.8, yotuluka mu 2015, idabweretsa Case ndi When. Ndi zimenezi, kuwerengera kotereku kunkatheka ndithu, koma mozungulira: mzere woyenera unkapatsidwa 1, wosayenera 0, kenako Sum n'kuphatikiza. Django 2.0, ya mu Disembala 2017, idapeputsa ntchitoyi polola Count, Sum ndi Avg kulandira filter yolembedwa ndi Q. Pa PostgreSQL, Django imatumiza FILTER WHERE ya SQL. Pa MySQL, yomwe ilibe FILTER, Django imangosinthira yokha ku CASE.