Mbiri ya Zithunzi za Timabokosi

Ana inu pamodzi ndi aphunzitsi anu, tsegulani makope a masamu, aja a timabokosi. Kodi mukudziwa kuti zithunzi zambiri za masewero akale a pakompyuta zinayambira pa mapepala otere?

M'zaka za m'ma 1980 makina a masewero anali ochepa mphamvu. Chithunzi chilichonse chinali kumangidwa ndi timabokosi towerengeka, totchedwa mapikiselo, ndi mitundu yochepa. M'chaka cha 1981 Shigeru Miyamoto wa ku Japan anajambula kamunthu kamene kanadzatchedwa Mario. Poona kuti pakamwa ndi tsitsi n'zovuta kuonetsa m'timabokosi, anakapatsa ndevu ndi chipewa. M'chaka cha 1986 kampani ya Nintendo inatulutsa The Legend of Zelda, nthano ya mnyamata woyendayenda m'nkhalango ndi m'mapanga. Mapu ake anayamba kujambulidwa pa pepala la timabokosi.

Lero makompyuta ndi amphamvu, komabe amisiri ena akujambulabe motero, ngakhale zithunzi za masewero ongoganizira, amene sanapangidwe n'komwe. Luso limeneli limaphunzitsa munthu kusankha chofunika ndi kusiya zina.

Tsono yesani nanunso. Jambulani njovu ya m'nkhalango ya Lukusuzi, kabokosi kamodzi mtundu umodzi. Zina mungasiye, koma chitamba ndi makutu musasiye, pakuti njovu timaidziwira pamenepo.