Magazi oundana m'mitsempha, kuchokera ku Berlin mpaka ku Chainda

Ku komboni ya Chainda mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, ena amafulumira kunena kuti munthuyo waponda mankhwala. Koma nthawi zina ndi magazi aundana mu mtsempha wa mkati. Chibulumwacho chikathothoka chimakatseka m'mapapo, munthu n'kubanika. Enanso amachira, koma akangosiya mankhwala vuto limabwerera.

Mu 1856 dokotala wa ku Berlin ku Germany, Rudolf Virchow, anafotokoza kuti chibulumwa cha m'mapapo chimachokera kumwendo. Mpaka lero madokotala amaphunzira zifukwa zitatu zotchedwa ndi dzina lake: magazi kuyenda mwaulesi, mtsempha kuvulala, ndi magazi osachedwa kuundana. Chachitatuchi chinawasautsa zaka zoposa 100.

Mu 1965 Olav Egeberg wa ku Norway anapeza banja limene magazi ake anali operewera antithrombin, imene imaletsa kuundana. Apa zinadziwika kuti matendawa atha kukhala a kumtundu. Kuperewera kwa protein C kunadziwika mu 1981, kwa protein S mu 1984. Kenaka mu 1994 Rogier Bertina ndi anzake ku Leiden anapeza chilema cha factor V chimene chili mwa azungu pafupifupi 5 pa 100 alionse.

Komatu mbiri imeneyi inalembedwa makamaka ndi magazi a mabanja a azungu. Chilema cha ku Leiden, ngakhalenso cha prothrombin chimene chinapezeka mu 1996, sichipezekapezeka mwa anthu akuda a mu Africa. Kumuyeza zimenezi munthu wa ku Chainda, ine ndimaona kuti nthawi zambiri n'kutaya ndalama. Zathu n'zina: kuchuluka kwa factor VIII m'magazi, mtundu wa sickle cell ngakhale mwa amene sadwala, HIV imene imatsitsa protein S, ndi TB. Onjezani kunenepa kwambiri, pakati, uchembere wamwana wakhanda, ndi mapiritsi olera okhala ndi estrogen. Homocysteine ya m'magazi nayo madokotala anaiganizira kwambiri, koma ataitsitsa ndi mavitamini magazi anaundanabe.

Mankhwala amene ambiri amadalira ndi warfarin, amene anayamba mu 1948 ngati poizoni wa makoswe, n'kuloledwa kwa anthu mu 1954. Ngotchipa, koma amafuna kuyezetsa magazi (INR) pafupipafupi, ndiye kuti ndalama ya basi yopita ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena cha UTH. Rifampicin wa TB amafooketsa warfarin, choncho wodwala matenda onse awiri amafunika kumuona kawirikawiri. Repu, chibwabwa ndi kalembula nazo zili ndi vitamin K wolimbana ndi warfarin. Adokotala sanena kuti musiye ndiwo zamasamba; amati muzidya mofanana sabata ndi sabata, kuti mlingo wa mapiritsi usamasinthesinthe.