Mavuto a graphics card poika Linux

Graphics card ndi chipangizo cha mu kompyuta chimene chimajambula zonse zooneka pa sikirini. Poika operating system ya Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, nthawi zina sikirini imangoda bii, imaima pa chizindikiro choyambirira, kapena zilembo zimakula mopitirira muyeso. Ambiri amaganiza kuti khadi lapsa, koma kawirikawiri vuto limakhala la driver, pulogalamu imene imalumikiza khadilo ndi operating system.

Gwero la vutoli

Kuyambira 2009, kernel, yomwe ndi phata la Linux, inayamba kukonza yokha kaonekedwe ka sikirini kompyuta ikangoyaka, njira yotchedwa kernel mode setting. Driver ikalephera pa nthawi imeneyi, sikirini imada munthu asanayambe n'komwe kuika. Ma driver a Intel ndi AMD amabwera kale mu kernel ndipo savuta kwenikweni. NVIDIA kwa zaka zambiri sinkaulula kalembedwe ka driver yake, choncho anthu ongodzipereka analemba ina, Nouveau, pofufuza okha mmene makhadiwo amagwirira ntchito. Nouveau sigwirizana bwino ndi makhadi ena. Mu 2012 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anadzudzula kampaniyi poyera pa Aalto University ku Finland, ndipo mu 2022 NVIDIA inatsegula mbali ya driver yake, koma ya makhadi atsopano okha.

Kakonzedwe

Choyamba ndi kuona chingwe: chikalowetsedwa pa motherboard khadi lili pamalo pake, sikirini ikhoza kusaonetsa kanthu. Ngati chingwe chili bwino, pa menyu ya GRUB amadina batani la e, n'kuwonjezera mawu akuti nomodeset pambuyo pa quiet splash, kenako n'kudina F10. Mawuwa amaletsa kernel kukonza kaonekedwe kudzera mu driver ya khadilo. Chithunzi chimakhala chosasalala, komabe ntchito yoika imatheka. Ubuntu ili ndi chisankho cha safe graphics chochita zomwezo.

Kuika kukatha, lamulo la lspci limaonetsa dzina la khadi, ndipo driver yoyenera imasankhidwa pa Additional Drivers. Kusiya nomodeset mpaka kalekale sikuthetsa vuto, kumangolibisa. Secure Boot nayo imakana driver yosasainidwa.

Ku Malawi

Makompyuta ambiri a m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono amagulidwa atagwirapo ntchito kunja. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna chipangizo cha TPM 2.0 chimene makompyuta akale ambiri alibe, motero Linux ndi njira imodzi yowatalikitsira moyo. Koma makhadi akale ali ndi vuto lawo: NVIDIA inasiya kusamalira driver ya 340, ya makhadi ngati GeForce 210, kumapeto kwa 2019, ndi ya 390 kumapeto kwa 2022. Kwa makhadi otere Nouveau ndiyo yatsala, kapena kuchotsa khadilo n'kugwiritsa ntchito graphics ya Intel ngati kompyutayo ili nayo.

M'madera achinyontho monga kuminda ya tiyi ya ku Thyolo, kumene chiperoni chimagwa m'miyezi yozizira, chinyontho ndi fumbi zimatha kuwononga timano ta khadi. Kulizula kompyuta itathimitsidwa, kulipukuta ndi kulibwezera nthawi zina kumakwanira.