Madzi Saiŵala Khwaŵa

Lero tikambirana mbiri ya madzi a mvula mu mzinda wa Lilongwe.

Pa kalembera wa 1966, anthu a mu Lilongwe sanakwane 20,000. Malo ambiri amene lero pali nyumba zothithikana anali minda, tchire ndi madambo. Dambo linali nkhokwe ya madzi. Mvula ikagwa, udzu ndi dothi zinkamwa madziwo ndi kumawapereka pang'onopang'ono ku mitsinje ya Lilongwe, Lingadzi ndi Mchesi.

M'chaka cha 1968 boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu linachoka ku Zomba. Okonza mapulani anasiya malo a m'mbali mwa mitsinje opanda nyumba, koma anthu anachuluka kuposa mapuloti. Mu 1977 anali pafupifupi 99,000. Pofika 2018 anapitirira 989,000. Osoŵa pokhala anamanga ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Mtandire, ena mpaka m'dambo mwenimweni. Mitengo inathera kuwotcha njerwa, ndipo okumba mchenga anagumula magombe.

Tsono denga la malata ndi msewu wa phula sizimwa madzi. Madzi amene kale ankatsika masiku angapo anayamba kufika mu mtsinje tsiku lomwelo, ali ndi mphamvu yokokolola nthaka. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira ku Mtandire, ndipo asilikali anapulumutsa anthu ndi helikopita. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anagwetsa nyumba ku Kawale, Biwi ndi Mchesi, anaononga milatho, ndipo anthu ena anataya miyoyo.

Kodi dambo lingabwezedwe? Mizinda ina imakumba maiŵe olandira madzi a m'ngalande. Nzeru yake ili potulukira. Pansi amaika paipi yopapatiza kuti madzi azituluka pang'onopang'ono, pamwamba amasiya mpata wa madzi osefukira, ndipo pamene madziwo agwera amayala miyala ndi kubzala udzu wa vetiva kuti asakumbe chigwembe. Paipi ikakula, dziŵe silisunga kanthu. Ikatsekeka ndi zinyalala, khoma lingagumuke n'kumiza a kumunsi. N'chifukwa chake matope ndi zinyalala ziyenera kuchotsedwa mvula isanayambe.

Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Inu a ku Mzuzu, ku Kasungu ndi m'matauni ena amene akukula, dambo lanu likadalipo lisungeni, pakuti kulisunga n'kotchipa kuposa kukumba dziŵe.